Zakudya zopangidwa kwambiri m'mafakitale ndi thanzi lathu: zofunika kudziwa ku Petauke ndi Nyimba

Nkhani ino ikufotokoza za zakudya zimene zadzaza m'mashopu ndi m'tuntemba masiku ano: zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mabisiketi, maswiti, ma jiggies, ma freezit, manudulo, poloni, masoseji ndi timapaketi tokometsera ndiwo. Akatswiri a zaumoyo amaziika m'gulu limodzi, ndipo m'Chingerezi amazitcha ultra-processed foods, kutanthauza zakudya zimene zasinthidwa kwambiri m'fakitale mpaka mbewu kapena nyama imene zinachokerako siizindikirikanso.

Tailemba chifukwa pamene tikupempherera odwala m'mipingo yathu, maina a BP, shuga ndi sitiroko akumveka kawirikawiri. Awa ndi matenda amene kale tinkati ndi a anthu olemera a ku Lusaka. Paketi imodzi ya bisiketi siidwalitsa munthu. Vuto limayamba pamene zakudya zimenezi zasanduka za tsiku ndi tsiku, n'kulanda malo a phala la nshawa, kandolo, kayera, masamba ndi zipatso. M'munsimu tikuonetsa mmene tingazizindikirire, zimene ofufuza apeza, ndi zimene banja lililonse lingathe kuchita popanda kuwonjezera ndalama.

Magulu anayi a zakudya

Dzinali linayamba kutchuka mu 2009 kudzera mwa Pulofesa Carlos Monteiro wa pa yunivesite ya São Paulo ku Brazil. Iye ndi anzake anaona kuti mabanja a kumeneko akugula shuga ndi mafuta ophikira ochepa kusiyana ndi kale, koma kunenepa kwambiri kukuchulukirachulukira. Atafufuza anapeza kuti shuga ndi mafutawo anthu akuwadya atabisala m'zakudya zophikaphika za m'mashopu. Choncho anakonza njira yogawira zakudya yotchedwa NOVA, imene imayang'ana mmene chakudya chasinthidwira chisanafike pakamwa. Ili ndi magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la zakudya zimene zili monga zinachokera kumunda, kudimba, kukhola kapena kumtsinje, kapena zangoyanikidwa, kugayidwa ndi kuphikidwa: chimanga, ufa, mpunga, kayera, nyemba, nshawa, kandolo, maungu, masamba, zipatso, mazira, mkaka, nyama ndi nsomba.

Gulu lachiwiri ndi la zophikira: saladi, shuga, mchere ndi uchi. Izi sitizidya pazokha, timangothira pang'ono pophika.

Gulu lachitatu ndi la zakudya zopangidwa posakaniza magulu awiri oyambawa m'njira imene munthu aliyense angaimvetse: nsomba zouma zothira mchere, nshawa zokazinga ndi mchere, nsomba za m'chitini, ndi buledi wopangidwa ndi ufa wa tirigu, madzi, yisiti ndi mchere basi.

Gulu lachinayi ndi limene tikukamba pano. Zakudya zake zimapangidwa ndi zidutswa zochotsedwa m'mbewu, monga sitachi, madzi a shuga ndi mafuta olimbitsidwa, kenaka amathiramo utoto, fungo lochita kupanga, ndi mankhwala oti chakudyacho chifewe, chisaume ndiponso chikhale miyezi yambiri pa shelefu.

Chimanga chathu chomwechi chikhoza kutiphunzitsa kusiyana kwake. Chimanga chootcha ndi cha gulu loyamba. Ufa wa mgaiwa wochokera ku chigayo ulinso m'gulu loyamba. Koma popanga ma jiggies, chimanga chimaphwanyidwa, n'kukankhidwa mwamphamvu m'makina otentha mpaka chifufume ngati thonje, ndipo pamwamba pake amawazapo mafuta, mchere, utoto ndi fungo la tchizi kapena nyama. Pamapeto pake dzina la chimanga litsala, koma gaga ndi kamtima kake kopatsa thanzi zinatsalira kufakitale.

Mmene tingazizindikirire

Si chilichonse cha m'paketi chimene chili cha gulu lachinayi. Mpunga, kapenta, mkaka wosathira kanthu ndi kayera zimagulitsidwanso m'mapaketi. Funso lothandiza ndi ili: kodi amayi akanatha kuphika chinthuchi pa mbaula ndi zinthu zopezeka m'khichini mwawo? Ngati yankho ndi lakuti ayi, mosakayika ndi cha m'gulu limeneli.

Njira ina ndiyo kuwerenga kumbuyo kwa paketi, pamene palembedwa ingredients. Zinthu zimalembedwa motsatana, kuyambira chochuluka koposa. Ngati shuga ali poyamba kapena pachiwiri, ndiye kuti chimene mukugula kwenikweni ndi shuga. Mukaona mndandanda wautali wokhala ndi mawu monga flavouring, colour, emulsifier, sweetener, glucose syrup, hydrogenated, kapena chilembo E chotsatiridwa ndi manambala, dziwani kuti chakudyacho ndi cha gulu lachinayi. Agogo amene sawerenga Chingerezi angapemphe mdzukulu wa pasukulu kuti awawerengere, ndipo mwanayo adzaphunzirapo kanthu.

Musakopeke ndi zithunzi. Botolo lojambulidwa lalanje kapena mango likhoza kukhala madzi, shuga, utoto ndi fungo chabe. Makolo ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zimene ofufuza apeza

Kafukufuku wodziwika kwambiri anachitika ku America ndipo anafalitsidwa mu 2019. Dr. Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health anagoneka m'chipatala anthu akuluakulu 20 kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankapatsidwa zakudya za gulu lachinayi, milungu iwiri inayo zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zosasinthidwa. Mbale za mbali zonse ziwiri zinalinganizidwa kuti shuga, mafuta ndi mchere zikhale zofanana, ndipo aliyense ankadya mmene wafunira. Pa milungu ya zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya mofulumira, ndipo tsiku lililonse ankawonjezera makalori pafupifupi 500. Makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka, ndipo yotsala thupi limaisunga ngati mafuta. M'masiku 14 okha ananenepa ndi pafupifupi kilo imodzi, ndipo atabwerera ku zakudya zophika anatsika ndi muyeso womwewo.

Mu 2024 magazini ya madokotala ya ku Britain yotchedwa BMJ inasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza anthu pafupifupi 10 miliyoni. Inapeza kuti kudya kwambiri zakudya zimenezi kumayendera limodzi ndi mavuto 32 a thanzi. Pakati pa odya kwambiri, chiopsezo cha kufa ndi matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi chinali chokwera ndi pafupifupi theka, cha matenda a shuga chinalinso chokwera, chimodzimodzinso cha nkhawa ndi kuvutika maganizo.

Tiyenera kumva bwino zimene manambalawa akunena. Kafukufuku wa mtundu wachiwiriwu amangotsatira anthu kwa zaka zambiri n'kuona amene adwala. Sangatsimikize kuti chakudya chokhacho ndicho chadwalitsa munthu, pakuti fodya, mowa, kusagwira ntchito zolimbitsa thupi ndi mtundu wa kubanja zimalowererapo. Ndiponso zakudya za m'gululi sizifanana kuopsa: zakumwa zotsekemera ndi nyama zokonzedwa m'fakitale ndizo zimaoneka kawirikawiri pa zotsatira zoipa. Komabe kafukufuku wochokera m'maiko osiyanasiyana akuloza mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake malangizo a kadyedwe a dziko la Zambia, amene Unduna wa Zaulimi unatulutsa mu 2021 mothandizana ndi bungwe la FAO, amalangiza kuchepetsa zakudya zotere pamodzi ndi shuga, mchere ndi mafuta.

Mmene zimavulazira thupi

*Shuga.* Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wochita kuthira pa tsiku, amene ndi masupuni a tiyi 12, ndipo limati kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 m'mamililita 100 alionse. Choncho botolo limodzi la mamililita 500 limatha muyeso wa tsiku lonse, tiyi wa m'mawa tisanamuwerengere. Shuga wa m'madzi amalowa m'magazi mofulumira ndipo sakhutitsa. Munthu amamwa botolo lonse n'kudyanso nsima yake yonse monga mwa masiku onse. Zikapitirira kwa zaka, mafuta amaunjikana pamimba ndi pachiwindi, thupi limayamba kulephera kutsitsa shuga, ndipo mano nawo amabooka.

*Mchere.* Muyeso wa WHO ndi wosakwana magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni imodzi ya tiyi yosadzaza, kuwerengera zakudya zonse. Pa mapaketi mchere umalembedwa kuti sodium, ndipo kuti mupeze mchere weniweni chulukitsani nambalayo kawiri ndi theka. Paketi imodzi ya manudulo pamodzi ndi kasupu kake imatha kukhala ndi theka la muyeso wa tsiku lonse kapena kuposerapo. Timatofali ndi ufa wokometsera ndiwo, mbali yake yaikulu ndi mchere. Mchere wochuluka umakweza BP, ndipo BP yokwera imawononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakachetechete.

*Mafuta.* Mabisiketi, makeke a m'mapaketi ndi majarini ena amapangidwa ndi mafuta olimbitsidwa. Oopsa koposa ndi amene amalembedwa kuti trans fat kapena partially hydrogenated, chifukwa amatseka mitsempha ya mtima. Mu 2018 WHO inapempha maiko onse kuti awachotse m'zakudya za m'fakitale.

*Nyama zokonzedwa.* Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti nyama monga poloni, masoseji ndi bekoni zimayambitsa khansa ya m'matumbo. Inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse, monga soseji imodzi yaing'ono, kumakweza chiopsezocho ndi magawo 18 pa 100. Izi sizikutanthauza kuti wodya poloni pa Khisimasi adzadwala khansa. Zikunena za chizolowezi cha tsiku ndi tsiku.

*Zimene zikusowamo.* Gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya masamba zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi, zimakhutitsa, ndipo zimathandiza kupita kuchimbudzi mosavuta. M'zakudya za gulu lachinayi zimenezi mulibe kapena n'zochepa. Ndi zofewa, sizifuna kutafuna, choncho zimatha m'manja mimba isanauze mutu kuti yakhuta.

Mmene zinthu zilili m'dziko lathu

Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi WHO, unachita kafukufuku wotchedwa STEPS pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69 m'dziko lonse. Unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sanali kumwa mankhwala. Pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wonenepa kupitirira muyeso, makamaka amayi. Anthu 6 pa 100 alionse anali ndi shuga wokwera m'magazi. Anthu 9 pa 10 sankadya masamba ndi zipatso zokwanira, ndipo mchere umene munthu ankadya pa tsiku unali magalamu 9.5, pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso woyenera.

Pa nthawi yomweyi njala yobisika sinathe. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anasonyeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Motero m'nyumba imodzi mukhoza kupezeka mayi wa BP ndi mwana wosakula bwino. Zakudya za m'fakitale zimakulitsa mavuto onse awiri: wamkulu zimamunenepetsa, mwana zimamudzaza mimba osamupatsa zomanga thupi.

Ana aang'ono ndi a sukulu

Malangizo a WHO ndi akuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo asanakwane zaka ziwiri asapatsidwe zakumwa zotsekemera kapena zakudya za shuga ndi mchere wambiri. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Akadya paketi ya jiggies ndi freezit m'mawa, phala la nshawa adzalikana, ndipo amayi adzaganiza kuti alibe njala. Lilime nalo limazolowera: mwana wozolowera shuga ndi mchere wambiri amayamba kuona chibwabwa ndi kayera ngati zosakoma. Kuwongola mtengo ndi pamene uli waung'ono.

Ana a sukulu ambiri amapatsidwa kandalama ka pa buleki, ndipo pa geti pamakhala podzaza timapaketi. Ndalama yomweyo ingagule nthochi kapena nshawa zokazinga. Kandolo wophika, chiwaya kapena dzira lowiritsa zimamusunga mwana mpaka aweruke, pamene zotsekemera zimamusiya ndi njala ndi tulo pakangopita ola limodzi.

Chifukwa chake zafala kwathu kuno

Sitikuimba mlandu makolo. Mseu wa Great East, umene umatenga nshawa, soya, thonje ndi nthochi zathu kupita nazo ku Lusaka, ndi womwewo umene umabweretsa malole a zakumwa ndi mabisiketi, ndipo kuchoka pa Boma njinga ndi njinga zamoto zimazifikitsa m'kantemba ka m'mudzi uliwonse. Zimagulitsidwa m'timapaketi totsika mtengo, sizifuna nkhuni kapena makala, siziwonongeka ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Luangwa, ndipo zimatontholetsa mwana wolira pamene mayi ali pa msika. Pa chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, mabanja ambiri analibe mwayi wosankha chakudya.

Palinso maganizo akuti mlendo wolemekezeka timamupatsa botolo, ndipo thobwa ndi la osauka. Nthawi ya malonda a mbewu izi zimaoneka bwino: munthu amagulitsa thumba la nshawa n'kubwerera kunyumba ndi kireti ya zakumwa ndi poloni. Basi ikaima pa Nyimba, apaulendo ochokera kutali amathamangira nthochi zathu, pamene ana a ogulitsawo akuyamwa freezit.

Maiko ena achitapo kanthu. Ku Chile kuyambira 2016 mapaketi a zakudya za shuga, mchere kapena mafuta ochuluka amaikidwa chidindo chakuda chochenjeza. South Africa inaika msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018. Kuno ku Zambia msonkho wa zakumwa zosaledzeretsa unayamba mu 2019 pa 30 ngwee pa lita. Koma chimene chimalowa m'mbale ya mwana chimasankhidwa pakhomo.

Zakudya zathu: mphamvu yake ndi pochenjera

Zakudya zimene akatswiri amalimbikitsa ndi zomwe tili nazo kale: nsima ya mgaiwa, kayera, nyemba, nandolo, nshawa, chibwabwa, bonongwe, kalembula, delele, impwa, maungu, kandolo, mazira, nkhuku za kumudzi, kapenta, nsomba za ku Luangwa, ndi zipatso monga nthochi, mango, mapapaya, magwafa, masau ndi malambe. Masamba ofutsa amatifikitsa m'chilimwe.

Umboni wina unachokera kwathu konkuno. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Wisconsin ku America, pamodzi ndi bungwe la National Food and Nutrition Commission ndi a Tropical Diseases Research Centre a ku Ndola, anachita kafukufuku pa ana aang'ono m'boma la Nyimba. Anapeza kuti nsima ndi phala la chimanga cha olenji zimawonjezera vitamini A m'thupi la mwana mofanana ndi vitamini wochita kumwetsa tsiku ndi tsiku. Shuga wogulitsidwa mu Zambia wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira 1998, koma chimenechi si chifukwa chomuchulutsira. Vitamini yemweyo ali m'chimanga cha olenji, kandolo wofiira m'kati, maungu, mango ndi masamba obiriwira.

Chakudya cha pakhomo nachonso chimafuna kusamala. Vitumbuwa ndi tchipisi zokazingidwa m'saladi amene watenthetsedwa kambirimbiri mpaka kuda sizabwino pa mtima. Masupuni anayi a shuga m'kapu ya tiyi ndi shuga yemweyo wa m'botolo. Mchere wodzaza dzanja m'ndiwo umakweza BP chimodzimodzi. Choopsa china ndi chuku. Nshawa ndi chimanga zosauma bwino zimamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike motani. Mu Ogasiti 2024 boma linachenjeza dziko lonse za poizoniyu m'chimanga ndi ufa, agalu mazana angapo atafa. Yanikani mbewu ziume bwino, zisungeni pouma, ndipo nshawa zofota, zowola kapena zowawa zitayeni. Musazisinje kuti zikhale nsinjiro.

Mafunso amene ambiri amafunsa

*Kodi ufa wa breakfast ndi wa gulu lachinayi?* Ayi. Ndi chimanga chogayidwa basi. Koma gaga ndi kamtima zachotsedwa, choncho mgaiwa kapena roller zimauposa, makamaka kwa odwala shuga, amene ayeneranso kuchepetsa kukula kwa ntanda.

*Nanga masoya pisi?* Amapangidwa m'fakitale, koma ndi ndiwo yotsika mtengo yomanga thupi, ndipo mabanja ambiri amadalira iwo. Mbali yovuta ndi kasupu ka m'kati, kamene kali ndi mchere wambiri. Thirani pang'ono kapena kasiyeni, n'kuphika ndi tomato ndi anyezi. Sinthanitsani ndi kayera, nyemba ndi kapenta.

*Maheu a m'botolo ndi thobwa n'zofanana?* Ayi. A m'botolo ambiri amathiridwa shuga, fungo ndi mankhwala osungira. Thobwa ndi munkoyo wophika pakhomo ndi madzi aukhondo, wosachulutsa shuga, ndi wabwino koposa.

*Zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga?* Zimatsekemera ndi mankhwala. Mu 2023 WHO inalangiza kuti anthu asadalire mankhwala otsekemeretsawa pofuna kuchepetsa thupi. Chakumwa cha ludzu ndi madzi.

*Chiponde cha m'mapaketi chimene amapereka ku kiliniki?* Chimenecho ndi mankhwala a mwana wonyentchera. Mpatseni monga mwauzidwira, osagawira ena. Chimodzimodzinso mkaka wa m'chitini umene achipatala alangiza pamene mwana sangathe kuyamwa.

Zimene tingachite pakhomo ndi pa mpingo

Palibe amene angasinthe zonse tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikupempha banja lililonse liyambe ndi izi:

1. Zakumwa za m'mabotolo zikhale za pa chikondwerero, osati za tsiku lililonse. Pa chakudya pakhale madzi aukhondo.
2. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi theka la supuni mlungu uliwonse. Lilime limazolowera.
3. Gwiritsani ntchito mchere wa ayodini, koma wochepa, ndipo musaike mchere pa tebulo. Kometsani ndiwo ndi tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro m'malo mwa timatofali.
4. Pokolola, patulani nshawa, kayera ndi nyemba za pakhomo musanayambe kugulitsa.
5. Mwana wosakwana zaka ziwiri asalawe zakumwa zotsekemera, ngakhale atapatsidwa ndi agogo kapena mlendo.

Pa misonkhano ya mpingo, ya amayi a chigwirizano, ya achinyamata, pa maukwati ndi pa maliro, ife ndife timasankha zogula. Komiti ikakhala pansi kukonza bajeti, iyerekeze mtengo wa makireti a zakumwa ndi mtengo wa ndowa za thobwa ndi mikoko ya nthochi. Aphunzitsi a Sande sukulu angapereke chipatso kapena nshawa ngati mphatso m'malo mwa maswiti. Popita kukaona wodwala BP kapena shuga, tisamutengere botolo la zotsekemera ndi mabisiketi. Timutengere mazira, masamba, nsomba kapena papaya. Abale amene amapeza zosowa zawo ndi kantemba sitikuwauza kuti atseke, koma aikeponso nthochi, mazira owiritsa ndi nshawa zokazinga, kuti mwana wobwera ndi kandalama akhale ndi chosankha.

Pomaliza, yezetsani. BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi mpaka tsiku la sitiroko. Munthu wamkulu aliyense ayezetse kamodzi pachaka, ndipo ikapezeka pa 140/90 kapena kupitirira kangapo, atsatire malangizo a achipatala. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kutopa, kuonda popanda chifukwa, kusaona bwino ndi zilonda zosapola ndi zizindikiro zoti mukayezetse shuga. Yambani pa kiliniki ya kufupi ndi kwanu, kapena pitani ku Nyimba District Hospital, Petauke District Hospital, Kalindawalo General Hospital kapena Minga Mission Hospital. Amene muli kale pa mankhwala a BP kapena a shuga, kusintha kadyedwe kumathandiza mankhwalawo kugwira bwino ntchito, koma sikulowa m'malo mwake. Musawasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala.

Tikupempha akulu a mpingo ndi atsogoleri a mabungwe kuti muwerengere nkhaniyi iwo amene alibe foni ya intaneti, ndi kuikambirana m'misonkhano yanu ya m'kati mwa mlungu.